CHIKWAPU SICHIMERETSA MTENGO

Mawu amene anayankhulidwa pamsonkhano wa aphunzitsi ndi alangizi a zaulimi ku Namitete

Ine ndine mtolankhani, sindine katswiri wa sayansi, choncho sindinabwere kudzaphunzitsa aphunzitsi. Ndabwera ndi mfundo imodzi yokha: dziko lino layesa kuteteza chilengedwe ndi lamulo, ndi chindapusa, ngakhale ndi mfuti, koma munthu amene angathe ntchitoyi, mphunzitsi, tamusiya chimanjamanja.

Tiyambe ndi kale. M'chaka cha 1946 boma la atsamunda linaika lamulo loteteza nthaka. Mlimi wosaunga mizere yopingasa ankalipitsidwa, ena ankatsekeredwa kumene. Kunena zoona nzeruyo inali yabwino, pakuti mzere wopingasa umagwira madzi ndi dothi. Koma anthu sanauzidwe chifukwa chake, anangolamulidwa. Mapeto ake mawu oti "malimidwe" anasanduka chitonzo, ndipo mkwiyo umenewu unathandiza kukuza chipani cha Congress m'midzi.

Ufulu utabwera, mu 1968 kunayamba chitukuko cha Lilongwe Land Development Programme ndi ndalama za World Bank. Dera lathu lino linaona misewu, mijigo ndi misika. Mu 1976 boma linayambitsa tsiku lobzala mitengo, ana asukulu ankatuluka pamzere ndi mbande m'manja. Funso n'lakuti: mitengo imeneyo ili kuti lero? Inu amene munathawa m'dziko muno m'ma 1964 n'kubwerera m'ma 1993 ndi 1994 ndinu mboni. Munasiya nkhalango, munapeza zitsa.

Taonani Dzalanyama. Nkhalangoyi inatetezedwa mu 1922, ndipo ndi kumene kumachokera mtsinje wa Lilongwe umene umadzaza madamu awiri a Kamuzu ku Malingunde. Madzi a pampopi mumzinda wa Lilongwe gwero lake ndi limenelo. Makala atanyanya, cha m'ma 2015 boma linatumizako asilikali. Koma msilikali amagwira thumba limodzi la makala, saletsa njala imene yatuma wootchayo, ndiponso saletsa mbaula ya ku Area 25 ndi ku Kawale imene ikudikira thumbalo.

Tsono kusiyana kwa mphunzitsi ndi msilikali n'kotani? Mphunzitsi amayankha funso loti "chifukwa chiyani?" Mphunzitsi waluso safuna labotale kuti achite zimenezi. Amatenga mabeseni awiri a dothi, lina lambee, lina lokutidwa ndi udzu, n'kuwapendeketsa, n'kuthira madzi. Mwana amadzionera yekha madzi ofiira akutuluka kwina, oyera kwina. Kukokoloka kwa nthaka wakumvetsa, sadzaiwalanso. Amazula mtedza n'kuonetsa ana timapundu ta pamizu, mmene mumakhala tizilombo tosaoneka ndi maso totenga nayitrojeni mumpweya n'kumuika m'nthaka. Mwana uja akafika kunyumba amadziwa chifukwa chake chimanga chimakondwa pamene panali mtedza kapena nandolo. Amawatengera pansi pa msangu, mtengo umene umayoyola masamba mvula ikayamba, kotero suphimba mbewu koma umazipatsa manyowa. Agogo athu ankazidziwa izi kalekale. Sayansi yangotiuza mmene zimachitikira.

Koma tinene chilungamo, mphunzitsi ameneyu tamupatsa chiyani? Mu 1994 maphunziro a pulaimale atakhala aulere, ana anachoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi. Zinali zoyenera, koma boma linachita kulemba aphunzitsi zikwizikwi osaphunzira ntchito, ndipo makalasi anasefukira. M'kalasi yodzaza chotero, sayansi imasanduka nyimbo yoloweza. Mwana amakhoza mayeso a "kufunika kwa mitengo", madzulo n'kukathandiza kugwetsa mtengo wa chigafa cha fodya, osaona kuti ziwirizi n'zogwirizana.

Chomvetsa chisoni n'chakuti nzeru tili nazo pakhomo. Pamsewu womwewu wa Mchinji pali Chitedze, malo ofufuzira zaulimi amene anatsegulidwa mu 1948, kumene kwachokera mbewu monga mtedza wa CG7. Chapafupi pomwepo pali Natural Resources College, imene tsopano ili pansi pa LUANAR. Bungwe la Wildlife and Environmental Society of Malawi, limene linayamba mu 1947, lakhala likulimbikitsa makalabu a zachilengedwe m'sukulu. Nanga mwana wa dera lino amadutsa bwanji pageti pa Chitedze pa minibasi, osalowamo n'kamodzi komwe?

Pempho langa lili patatu. Akatswiri a ku Chitedze ndi ophunzira a ku NRC, tulukani mukacheze ndi aphunzitsi a pulaimale, ndipo muwatsegulire zipata abwere ndi ana. Mafumu ndi makomiti a sukulu, perekani kamunda ndi malo a nazale pasukulu iliyonse, ndipo nyengo yobzala mitengo ikatha pa 15 Epulo, tisamawerenge mbande zimene zabzalidwa koma zimene zapulumuka chilimwe. Inu a m'tauni, sukulu imene inakuphunzitsani a-e-i-o-u ikadalipo. Khasu, keni yothirira, mbewu ndi ndalama ya basi ya ulendo umodzi wa ana si zinthu zodikira boma kapena azungu.

Akuluakulu anati kuongola mtengo m'poyamba. Wootcha makala wa mawa, ndi wogula makalawo, onse ali mu Sitandade 4 lero, akhala pansi kutsogolo kwa mmodzi wa inu. Tikamulemekeza mphunzitsi ameneyo ndi kumupatsa zida, ku Dzalanyama sikudzafunikanso mfuti.