MAYESO OLANKHULA CHINGEREZI AFUNA KUKONZEKERA



Chaka ndi chaka ana a dziko lino amapeza mwai wokapitiriza maphunziro ao kunja. Ena amapita ndi chithandizo cha Commonwealth Scholarship chimene chidayamba mu 1959, ena ndi cha Chevening chimene Boma la Britain lidakhazikitsa mu 1983. Koma mayunivesite ambiri a maiko amenewo, asanamlandire wophunzira, amafuna umboni wakuti amadziwa Chingerezi. Umboni umene ambiri amapereka ndiwo mayeso a IELTS, amene adayamba mu 1989 ndipo amayendetsedwa ndi British Council, IDP ya ku Australia ndi Cambridge. Mayesowa ali ndi zigawo 4: kumva, kuwerenga, kulemba ndi kulankhula. Nkhani ya lero ndi ya chigawo chomalizachi.

Chingerezi ndicho chilankhulo cha ntchito za Boma, ndipo palibe amene amalandira setifiketi ya MSCE asanachikhoze. Komatu mayeso amenewo ndi a pepala ndi cholembera. Kalaliki angathe kulemba kalata yopanda chilema chifukwa ali ndi nthawi yofafaniza ndi kukonza. Pamaso pa woyesa nthawi yotere palibe. Mayunivesite ambiri amafuna malikisi 6.5 kapena 7 mwa 9 kwa wofuna digiri yachiwiri, ndipo ambiri amaikanso malire pa chigawo chilichonse. Motero munthu angapambane bwino kuwerenga ndi kulemba, koma akagwa polankhula malo ake atayika, ndalama za mayeso zapita, ndipo unduna umene udamsankha wataya katswiri amene unali kumuyembekezera.

Mayeso olankhula amatenga mphindi 11 mpaka 14. Woyesedwa amakambirana ndi woyesa mmodzi, ndipo mau onse amajambulidwa. Gawo loyamba, la mphindi 4 kapena 5, ndi la mafunso a zinthu zodziwika: kwao, banja, ntchito, maphunziro ndi zimene munthu amakonda. M'gawo lachiwiri amapatsidwa khadi lokhala ndi mutu wa nkhani, pensulo ndi pepala. Amakonzekera mphindi 1, kenaka amalankhula yekha mpaka mphindi 2. Gawo lachitatu, la mphindi 4 kapena 5, ndi lokambirana mozama pa mutu womwewo. Ngati khadi lidafuna kuti afotokoze za mphunzitsi amene adamthandiza, woyesa angafunse za udindo wa aphunzitsi m'dziko kapena za kusintha kwa maphunziro pakati pa kale ndi lero.

Woyesa amaona zinthu 4 zolemera mofanana: kulankhula mosadodoma ndi molongosoka, kuchuluka kwa mau ndi kuwagwiritsa ntchito moyenera, galamala, ndi katchulidwe. Sayesa ngati maganizo a munthu ali olondola, ndipo safuna kuti Mmalawi alankhule ngati wobadwira ku London. Chimene afuna nchakuti mau amveke popanda kuvutikira.

Pali zopunthwitsa zina zimene zimachokera m'chilankhulo cha makolo, ndipo wozidziwa angazigonjetse. M'Chichewa l ndi r sizisiyanitsa tanthauzo: r amalembedwa pambuyo pa i ndi e, monga m'mau akuti kulira ndi kulera. M'Chingerezi "light" ndi "right", kapena "play" ndi "pray", ndi mau osiyana kotheratu. Chichewa chili ndi mavawelo 5, pamene Chingerezi chili ndi ochuluka kwambiri, choncho "ship" ndi "sheep" amatuluka mofanana pakamwa posazolowera. Mau a Chichewa amathera ndi vawelo, nchifukwa chake "book" adasanduka buku ndipo "cup" adasanduka kapu. Chizolowezi chimenechi chisatsatire munthu m'chipinda cha mayeso. Ndiponso liu lakuti iye limaimira mwamuna ndi mkazi yemwe, motero ngakhale ophunzira kwambiri amasokoneza "he" ndi "she" akamafulumira.

Chopunthwitsa china chimachokera ku ulemu. Mwana woleredwa bwino amayankha akulu mwachidule ndi motsitsa mau, ndipo mwambo umenewu ngwonyaditsa. Koma woyesa sangapereke malikisi pa Chingerezi chimene sadachimve. Wofunsidwa ngati amakonda ntchito yake asathere pa kuvomera kokha. Anene chifukwa chake ndi kupereka chitsanzo. Akapanda kumva funso apemphe kuti libwerezedwe, ndipo m'gawo lachitatu angapemphe kuti lifotokozedwe m'mau ena. Akulu adati safunsa adadya phula. Kuyankha funso limene silidafunsidwe nkoipa kuposa kufunsanso.

Palinso njira ziwiri zachidule zimene zimasocheretsa. Yoyamba ndi kuloweza mayankho. Oyesa adaphunzitsidwa kuzindikira mau oloweza, ndipo funso likangosintha pang'ono wolowezayo amasowa pogwira. Yachiwiri ndi kuunjika mau akuluakulu a m'makalata a m'maofesi pofuna kudabwitsa woyesa. Liu lalitali loikidwa pamalo polakwika limatsitsa malikisi, pamene liu wamba loikidwa pamalo pake limawakweza.

Nanga kukonzekera koona nkotani? Choyamba, munthu alankhule Chingerezi mokweza tsiku lililonse kwa miyezi ingapo, osati sabata yomaliza yokha, pakuti lilime limazolowera pang'onopang'ono ngati dzanja pa khasu. Chachiwiri, asankhe mutu, akonzekere mphindi 1 polemba mau ochepa okumbutsa, alankhule mphindi 2 akudzijambula pa foni, ndipo amvetsere. Khutu lake lomwe lidzamuuza pamene akudodoma ndi pamene akubwereza liu limodzi. Chachitatu, amvere nkhani za Chingerezi pa MBC ndi pa BBC, akutsata pamene olankhula akutsindika liu, chifukwa kutsindika kwa Chingerezi sikukhala pamalo amodzi m'mau onse. Chachinai, awerenge ndondomeko ya kaperekedwe ka malikisi imene eni mayeso adaiika pa intaneti kwaulere. Chachisanu, apeze anzake awiri kapena atatu azifunsana mosinthana ndi kuuzana zoona, pakuti mutu umodzi susenza denga. Akumbukirenso kuti zotsatira za mayesowa zimalandiridwa kwa zaka 2, choncho alembe pa nthawi yogwirizana ndi pempho lake la malo.

Akulu a m'maofesi ali ndi mbali yao. Wantchito amene wasankhidwa kukaphunzira apatsidwe mpata wopereka malipoti pakamwa ndi wotsogolera zokambirana m'Chingerezi. Wolakwitsa akonzedwe mwaulemu, osati kusekedwa, chifukwa wosekedwa amatseka pakamwa ndipo saphunziranso. Atsogoleri a Chipani nawonso alimbikitse achinyamata a m'madera ao kuyambitsa magulu a mtsutso, kumene munthu amaphunzira kunena maganizo ake ndi kuwateteza. Kudziwa Chingerezi sikuchepetsa Chichewa kapena chilankhulo china cha dziko lino. Wodziwa kulongosola nkhani pabwalo la mfumu ali kale ndi theka la luso limene woyesa akulifuna.

Potsiriza, cholinga cha zonsezi chisaiwalike. Chevening imafuna kuti wophunzira abwerere kwao kwa zaka zosachepera 2 akamaliza maphunziro. Mmalawi wokonda dziko lake safunika kukakamizidwa ndi lamulo lotere. Zipatala, sukulu, minda ndi misewu ya dziko lino zikudikira nzeru zimene adzabwera nazo. Akonzekere mwakhama, akalankhule molimba mtima, akaphunzire, ndipo abwerere kudzatumikira anthu amene adamtuma.