Msewu ndi umodzi, koma tiyeni tione amene aumalize

Ndamva kung'ung'udza kumbuyoko: akuti tikuikiranji gemu ya makedzana pa mpikisano wathu, pomwe m'mafoni mwanu muli magemu a galimoto owala bwino? Ndipatseni mphindi zochepa, mukavote pambuyo pake.

Gemu ndikunenayi ndi Ridge Racer. Inapangidwa ndi kampani ya Namco ya ku Japan, ndipo inayamba mu 1993 ngati makina akuluakulu okhala ndi chiwongolero, oponyamo kobiri kuti usewere. PlayStation yoyamba itatuluka ku Japan pa 3 December 1994, Ridge Racer inatuluka nayo tsiku lomwelo. Ambiri a ife tinali tisanabadwe.

Khalidwe la makina oponya kobiri silinachoke. Pamwamba pali wotchi yowerenga chobwerera. Ukafika pamalo ena pamsewu amakuwonjezera masekondi, ukachedwa basi, zako zada. Makina aja ankafuna kuti uponyenso ndalama, ndiye sankanyengerera munthu.

Msewu ndi umodzi wokha. Eee, umodzi. Umadutsa m'mbali mwa nyanja, kulowa m'phanga la pansi pa phiri, helikopita ikuuluka pamwamba, dzuwa n'kulowa uli pa liwiro. Pali mbali ina yowonjezera, ndipo ukapambana amakulola kuuyenda chobwerera, koma ndi womwewo. Ena mukuti n'zotopetsa. Ine ndikuti apa ndiye pali nkhani, chifukwa palibe wonamizira kuti njira sankaidziwa.

Chinsinsi chili pa makona. Ukafika pa kona yakuthwa, usathamangire buleki. Siya moto pang'ono, khota, kenako ponda motonso. Matako a galimoto amatsetsereka, n'kumayenda cham'mbali ngati nkhanu. Kuwongola msanga ndiye ntchito. Ukachedwa pang'ono chabe, wamenya khoma. Galimoto siphwanyika ayi, koma liwiro lonse limathera pomwepo, anzako n'kumakudutsa uku ukuona. Ine ndinatha sabata yathunthu ndikumenya khoma lomwelomwelo, mng'ono wanga akundiseka.

Pali tinthu tiwiri timene ndimakonda. Gemu ikamatseguka, amakupatsa kagemu kakale ka Namco kotchedwa Galaxian kuti uziwombera adani podikira. Ukawatha onse nthawi isanathe, galimoto zosankha zimachoka pa 4 kufika pa 12. Chachiwiri, gemu yonse imakwana m'memore ya makinawo, moti ukhoza kutulutsa chimbale, n'kuikamo CD ya nyimbo zako, mpikisano n'kumapitirira. Amene muli ndi ma CD a bambo anu kunyumba, mwamvatu.

Vuto lilipo, sindibisa. Pa PlayStation gemuyi saseweretsa anthu awiri nthawi imodzi. Choncho ndikupempha kuti tizisinthana: aliyense galimoto yofanana, msewu womwewo, mlembi azilemba nthawi pabolodi. Atsikana ndi anyamata mndandanda umodzi, pasakhale zoti awa apatsidwe mwayi wapadera. Magetsi akathima pakati, ameneyo ayambirenso, tisakanganepo.

Amene adzakhale woyamba tidzamusiyira galimoto yakuda ya nambala 13, imene imakudikira pambali pa msewu kenako n'kukudutsa ngati waima. Ukaigonjetsa imakhala yako. Ineyo sindinaigonjetsepo.

A wapampando, manja akhoza kukwezedwa tsopano.