Cingwe Cimene Sicinyamula Mau

Aphunzitsi ndi inu ana a sukulu, cherani khutu. Lero tikamba za kalumikizidwe ka zipangizo m'cipinda cojambuliramo nyimbo panyumba.

M'caka ca 1983 kunakhazikitsidwa MIDI, njira yoti zoimbira zamagetsi zizimvana. Amene anatsogolera nchitoyi ndi Dave Smith wa ku America ndi Ikutaro Kakehashi wa ku Japan. Cingwe ca MIDI cili ndi timano 5 kumutu kwake, koma sicinyamula mau. Cimanyamula uthenga wokha: batani liti la kiyibodi lakanikizidwa, mwamphamvu yotani, ndiponso lasiyidwa liti. Cifanana ndi dzanja la wotsogolera kwaya, limene siliimba koma kulamula cabe.

Motero cingwe cicoke pa OUT kupita pa IN. Mukalumikiza OUT ndi OUT kudzangoti zii, pakuti onse awiri akulankhula popanda womvera. Musafulumire kunena kuti cipangizo cafa.

Mau a woimba ali ndi njira yao. Maikolofoni imalumikizidwa ku kabokosi kochedwa audio interface, kamene kamasandutsa mauwo kukhala manambala oti kompyuta isunge.

Aphunzitsi, afunseni ana funso ili: wotsogolera kwaya akakhala yekha popanda oimba, tidzamva ciani?