Doko la Mudzi Si Logulitsa

 Madzulo ano sindikamba za chimanga kapena za mpunga ayi. Ndikamba za doko, malo aja amene asodzi athu amakochezapo mabwato ao.

Kapena wina afunsa kuti, "Kodi mlangizi wa malimidwe za doko azidziwira kuti?" Yankho lake nali. Kuno kwa Maganga khasu ndi nkhafi zimagona nyumba imodzi. Munthu yemweyo amene alima m'mawa ndiye akatchera matchera madzulo. Chimanga chikakanika, usipa ndiwo umagula ufa, ndipo mai amene alibe bwato amapeza ndiwo ndi ndalama pa doko pomwepo. Chotero mudzi wotaya doko lake wataya nkhokwe yake yachiwiri.

Amene mwayenda ku Senga Bay mwaona nokha m'mene nyumba za alendo ndi mipanda zandandalikira m'mbali mwa madzi. Alendowo sitikuwada, pakuti ana athu ena amapeza ntchito komweko. Koma ine ndinafika pamudzi wina pamene gombe lonse linaperekedwa, osasiya ndi kanjira komwe. Lero amai a pamenepo amazungulira mtunda wautali atasenza madengu a nsomba, ndipo mabwato ao amakocheza pa doko la eni ake, kumene milandu siitha. Ndalama za malowo zinadyedwa kale, koma mpanda ulipobe. Madzi akatayika saoleka.

Tsono doko labwino liyenera kukhala lotani? Ndinena zinthu zitatu.

Choyamba, likhale lobisika ku mphepo. Mwera umaomba kuchokera kum'mwera chakum'mawa m'miyezi yozizira, makamaka June, July ndi August, ndipo mafunde ake amagwera ku gombe lathu lino. Nthawi ya dzinja kumabwera mpoto. Makolo anasankha madoko poyang'ana mphepo zimenezi. Mukagulitsa doko lakale ndi kusamutsira asodzi pa gombe la poyera, mwawapereka ku mafunde.

Chachiwiri, likhale ndi malo otakasuka kumtunda, chifukwa nyanja yathu siikhala pamodzi. Pakati pa 1915 ndi 1935 madzi anatsika kwambiri, kotero kuti nyanja inaleka kuthira mu Shire. M'chaka cha 1980 anakwera koposa, ndipo mu 2024 tonse tinaona m'mene anadyera magombe ndi kulowa m'nyumba za m'mbali mwa nyanja. Doko limene lero likuoneka lalikulu, madzi akakwera litsala kachidutswa. Siyani malo okokerapo mabwato, malo a mathandala oyanikapo usipa, malo osokerapo maukonde, ndi malo a chimbudzi kutali ndi madzi.

Chachitatu, likhale ndi njira yochokera kumseu, yokwanira ngolo kapena galimoto. Doko lopanda njira lifanana ndi nkhokwe yopanda pochotsera chimanga.

Tsopano ndilankhule ndi inu mafumu, pakuti udindo waukulu uli m'manja mwanu. Lamulo la malo a makolo la 2016 lilipo, ndipo linati m'dera la gulupu aliyense mukhale komiti yoyang'anira malo. Lamulo la za nsomba la 1997 nalonso linapatsa anthu a m'midzi mbali poyang'anira usodzi, ndipo ndicho chifukwa chake pa madoko pali makomiti a asodzi aja otchedwa BVC. Itanani makomiti awiriwa akhale pansi pamodzi, amai akhalepo, muyende nao m'malire a doko ndi njira yake. Bzalani mitengo m'malirewo. Lembani pa pepala, kalata ina ipite kwa Mfumu Yaikulu Maganga, ina ku ofesi ya Bwanamkubwa ku Salima. Mau a pakamwa amafa pamodzi ndi mwini wake, koma kalata adzaiwerenga mdzukulu wanu.

Doko lingakhale lanu, nsomba zikatha lipindulanji? Chambo chachimuna chimakumba chisa mumchenga pa madzi osaya. Chachikazi chimasunga mazira ndi ana m'kamwa, kenaka chimakatula anawo m'bango. Khoka likakokedwa pamenepo limafafaniza zisa ndi kupha mai pamodzi ndi ana ake. Ndicho chifukwa Boma limatseka usodzi wa makoka kuyambira pa 1 November, ndi kuletsa kugwira chambo chosafika masentimita 15, ndiwo mainchesi 6. Wokokola kasawala ndi neti ya udzudzu afanana ndi mlimi wokazinga mbeu yake. Musatenthe bango la pafupi ndi doko. Kumbukiraninso kuti zilumba za Maleri ziri m'nkhalango yotetezedwa ya Lake Malawi National Park, imene inakhazikitsidwa mu 1980, ndipo nkoletsedwa kusodza m'kati mwa mamita 100 kuchokera ku gombe la zilumbazo.

Inu alimi a m'mbali mwa Linthipe, nanunso nkhaniyi ikukhudzani. Mukalima mpaka m'mphepete mwenimweni mwa mtsinje, dothi lanu limakokoloka kudza kunyanja kuno. Matope amakwirira zisa za chambo, amakwiriranso miyala imene mpasa imaikirapo mazira ikakwera mtsinje nthawi ya mvula. Siyani udzu ndi mitengo m'mbali mwa mtsinje.

Wina anganene kuti anthu a masiku ano samvera mafumu. Tayang'anani kwa anansi athu kumpoto kuno, kwa Mfumu Makanjira. Kuyambira zaka za m'ma 1950 chilumba cha Mbenji chimatsekedwa chaka ndi chaka nthawi ya dzinja, kuyambira mu December, ndipo chimatsegulidwa ndi mwambo cha mu April. Mowa ndi juga siziloledwa pachilumbapo, ndipo wolakwira amachotsedwa. Lamulo limeneli silinachokere ku Boma, linachokera kwa mfumu ndi akuluakulu ake, ndipo utaka wa ku Mbenji ukutchukabe mpaka lero. Zimene anatha a kwa Makanjira, ife a kwa Maganga zingatikanike bwanji?

Chotero pempho langa ndi ili. Mwezi uno usanathe, nyakwawa iliyonse ya m'mbali mwa nyanja iitanitse msonkhano pa doko pomwepo, osati pabwalo. Muyese malire, mulembe kalata. Mlendo akadza ndi ndalama, mlandireni bwino, mumsonyeze malo ena, koma mumuuze poyera kuti doko ndi njira yake ndi za mudzi.