Suti ndi Thukuta: Phunziro la Clements Kadalie wa ku Chifira



Atonga amadziwika m'dziko lonse lino ndi ukhondo ndiponso kutchena. Malaya oyera mbee, nsapato zonyezimira ndi zovala zofanana za ovina malipenga ndi mbiri ya kunyanja kuno. Komatu mbiri imeneyi idagulidwa ndi thukuta. Mishoni itakhazikika ku Bandawe mu 1881, anyamata a m'mbali mwa nyanja muno adaphunzira kuwerenga ndi kulemba, nalembedwa ntchito ndi kampani ya Mandala, kenaka adatsetserekera ku migodi ya ku Rhodesia ndi ku Joni. Ena adabwerera ndi njinga ndi makina osokera. Ena adasanduka matchona, akazi awo n'kumalima chinangwa okha.

Mmodzi mwa apaulendowo adali Clements Kadalie, wobadwira m'mudzi wa Chifira pafupi ndi Bandawe mu 1896. Adaphunzira ku Livingstonia, nakhala mphunzitsi, koma mu 1915 adachoka kwawo ndipo mu 1918 adafika ku Cape Town. Mzindawo udali ndi masitolo odzaza ndi katundu, koma anthu akuda amene ankatsitsa katunduyo m'zombo ankalandira malipiro osakwanira ngakhale chakudya cha ana awo. Kadalie adakana kuvomereza kuti umenewo ndiwo mwambo wa m'tauni. Mu Januwale 1919 adayambitsa bungwe la anthu apantchito lotchedwa ICU, ndipo mu Disembala chaka chomwecho ogwira ntchito padoko adanyanyala pofuna malipiro oyenera. Pofika mu 1927 bungweli lidali ndi mamembala pafupifupi 100,000, ndipo mwana wa ku Chifira adakayankhula mpaka ku Ulaya.

Kadalie ankavala suti ngati Mtonga weniweni, koma chimene adatchuka nacho si suti. Adaphunzitsa kuti wonyamula matumba padoko ndi munthu, ndipo thukuta lake lili ndi mtengo.

Mapeto ake nawonso ndi phunziro. Bungwe lija litakula, mudalowa mikangano ya atsogoleri ndi madandaulo a kasungidwe ka ndalama za mamembala. Lidagawikana, ndipo mu 1929 Kadalie adatula pansi udindo. Adamwalira ku East London mu 1951. Chimene apolisi ndi eni makampani adalephera kuchigwetsa msanga, ndalama zosasamalidwa zidathandiza kuchigwetsa.

Lero mabasi akadanyamulabe ana a kunyanja kuno kupita ku Johannesburg ndi Cape Town, ena ku Mzuzu ndi Lilongwe. Mzinda wamakono umayeza munthu ndi foni imene wagwira ndi nsapato imene wajambulitsa pa Facebook, osafunsa kumene ndalamazo zachokera. Motero mnyamata amakongola katapila kuti aoneke wopeza, kumudzi denga la mayi ake likudontha. Akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Amene adabwera chimanjamanja pothawa zipolowe zothamangitsa alendo za mu 2008 ndi 2015 adaona okha kuti katundu wa m'tauni amatha tsiku limodzi.

Kale kupandukira mwambo wa m'tauni kudali kunyanyala padoko. Masiku ano wolimba mtima ndi amene akukana kugula chinthu chimene sadachigwirire ntchito: msodzi wa usipa amene amasunga ya sukulu ya mwana asadagule wailesi, mayi wa kondowole amene sabera muyeso, msungichuma wa banki mkhonde amene amawerenga ndalama pamaso pa onse.

Achinyamata inu, tchenani ndithu, pakuti ukhondo ndi cholowa chanu. Koma suti iliyonse ikhale ndi yankho pamene agogo afunsa kuti, "Kodi mwanawe, idachokera kuti imeneyi?"