Masewero Pophunzitsa Kugawikana kwa Maselo

Mawu olankhulidwa pamsonkhano wa aphunzitsi a sayansi a m'boma lino



Wophunzira wa kusekondale amauzidwa kuti thupi limakula chifukwa maselo amagawikana, koma zochitika m'kati mwa selo sanazionepo. Sukulu zambiri zoyendera zilibe maikulosikopu okwanira, motero mwana amangoloweza maina anayi: prophase, metaphase, anaphase ndi telophase. Mayeso a MSCE akafuna kuti afotokoze zimene zimachitika, maina aja samupulumutsa.

Ilipo njira yosalira ndalama zambiri. Mphunzitsi ajambule bwalo lalikulu pansi. Limenelo ndilo selo. Ophunzira 8 alowemo awiriawiri atagwirana manja, ndipo awiri alionse akhale kromozomu imodzi imene yadzikopera kale. Afole pakati pa bwalo, anzawo oima mbali ziwiri za bwalolo awakoke ndi zingwe. Manja akalekana, anayi apite uku, anayi uko, kenaka mzere udule bwalo pakati. Apo pabadwa maselo awiri ofanana, lililonse lili ndi makromozomu anayi monga loyamba lija. Imeneyi ndiyo mitosis, ndipo mwa munthu makromozomu 46 amakhalabe 46.

Pa meiosis, ena amange tinsalu tofiira toimira makromozomu ochokera kwa mayi, ena tobiriwira toimira a kwa bambo. Ayambe asinthana tinsalu tina, kenaka bwalo ligawidwe kawiri. Patsala maselo anayi osiyana, lililonse lili ndi makromozomu awiri okha. Umu ndi momwe dzira la mayi ndi mbewu ya bambo zimakhalira ndi makromozomu 23.

Phunziroli limafika mpaka kumunda. Mtengo wa chinangwa ukabzalidwa umabereka zofanana ndi kholo lake chifukwa umakula mwa mitosis. Chimanga cha haibulidi chikabwerezedwa sichibereka mofanana, pakuti meiosis imasakaniza zotengera kwa makolo. Mwana amene waseweretsa zingwe zija angathe kuwafotokozera makolo ake zimenezi.

Komabe sewero palokha si phunziro. Likatha, wophunzira aliyense ajambule zimene wachita ndi kutchula gawo lililonse dzina lake.

Pempho kwa khonsolo ndi makomiti a sukulu ndi laling'ono: zingwe, tinsalu, ndiponso tsiku limodzi pateremu loti aphunzitsi a bayoloje akumane ndi kuphunzitsana maseweroŵa.