SI NDULU YA NG'ONA: ZA UFA NDI CIMERA CA MOWA

Mau awa anakambidwa kwa mafumu, aphunzitsi ndi amai ofulula a m'midzi ya m'mbali mwa nyanja, m'boma la Mangochi. Aphunzitsi akupemphedwa kuwerengera anthu amene sadziwa kuwerenga okha.



Kuyambira ku Makanjira, kudzera ku Malindi ndi kwa Mponda, kufikira ku Monkey Bay, palibe mudzi umene ulibe mbiya yaikuru. Amai ena amafulula mowa wamasese wogulitsa kuti apeze ndalama za sopo ndi za sukulu. Ena amafulula wa dima kapena wa pa maliro. Abale Acisilamu, amene ali ambiri m'boma lino, samwa mowa, koma thobwa la pa ukwati, pa cinamwali ndi pa sadaka limacokera ku ufa ndi cimera comweco. Cotero nkhani iyi iri ya onse.

Mai wofulula amadziwa nchito yake kuposa munthu wa mu ofesi, ndipo palibe amene angamphunzitse kagwiridwe ka mthiko. Koma m'mbiya mwake mumacitika zinthu zimene maso saziona, ndipo n'kwabwino kuzidziwa.

Poyamba pali cimera. Mawere, mapira kapena cimanga amazibviika m'madzi, nazibvundikira ndi masamba a nthoci kapena thumba kufikira zitamera. Kenaka amaziyanika, nazisinja. Mbeu ikamamera imapanga mphamvu yosungunula ufa kuti usanduke suga. N'cifukwa cake phala lolimba, likathiridwa cimera, limasungunuka ndi kuyamba kutsekemera. Phala likakhala lotentha kwambiri mphamvu ija imafa, ndipo ndico cifukwa amai ozindikira amayamba alidikira kuti lizizireko. Wofuna thobwa nchito yake yatsala pang'ono apa: amaliwiritsanso m'mawa mwake, ndipo anthu amamwa.

Wofuna mowa amapitiriza, amathiranso cimera, nasiya mbiya masiku ena. Pamenepo tizirombo ting'onoting'ono ta mitundu iwiri timagwira nchito. Tina timawawasa mowa. Tina, tochedwa yisiti, abale ake a yisiti yotupitsa buledi, timadya suga uja ndi kuturutsa ukali woledzeretsa pamodzi ndi mpweya. Thobvu limene limaoneka pamwamba ndi kulira kwa mbiya usiku ndiyo nchito yake. Tizirombo timeneti timadza ndi cimera, ndiponso timatsalira m'timabowo ta mbiya yadothi. Cotero akanena akuru kuti mbiya yakale siicedwa kuwiritsa mowa, sanama ai.

Mowa wotere, ngakhale waukuntha, ukali wamoyo. Wa m'mabotolo, monga umene anayamba kuupanga ku Blantyre pamene Carlsberg inatsegula fakitale yake mu 1968, amausefa ndi kuutenthetsa kuti tizirombo tife, ndipo umakhala miyezi. Wamasese umawirabe, patapita masiku awiri kapena atatu umasasa. Woutseka zolimba m'cigubu adzapeza cigubu citatupa kapena citaphulika; ndico cifukwa mapaketi a Chibuku amawasiyira kabowo pamwamba.

Tsono bvuto liri apa. Cinyezi ndi kufunda zimene tizirombo tabwino timakonda, toipa timazikondanso. Ndipo pali cizolowezi m'midzi yambiri, cakuti cimanga cobvunda ca pansi pa nkhokwe, kapena ufa umene unanyowa, anthu amati, "Ici sicingadyedwe nsima, n'ca mowa." Amaganiza kuti moto wa pansi pa mbiya udzayeretsa zonse.

Taonani zimene zinacitika kwa anansi athu ku Mozambique. Pa 9 Januwale 2015, m'tauni ya Chitima, m'cigawo ca Tete, kufupi ndi damu la Cahora Bassa, anthu ocokera ku maliro anamwa mowa wamasese umene kumeneko amaucha pombe. Unafululidwa mu mgolo wa malita 210. Usiku womwewo ndi m'mawa mwake anayamba kumva m'mimba, kusanza, kutsegula ndi kufooka. Anadwala anthu oposa 230, ndipo 75 anamwalira. Mai amene anafulula mowawo anamwalira nayenso, pamodzi ndi ena a m'banja lake.

Mbiri inabuka msanga kuti wina anathiramo ndulu ya ng'ona. Anthu a ku Shire ndi ku Malombe sangadabwe nayo mbiri yotere, pakuti kuno nakonso munthu akafa atamwa mowa, ndulu ya ng'ona ndiyo imachulidwa poyamba, ndipo maso a onse amayang'ana mbale kapena mnansi amene anakangana naye. Manyuzipepala a maiko akutali anailembanso nkhaniyo monga ngati yoona. Koma kale m'zaka za m'ma 1980 katswiri wa za mankhwala pa yunivesite ya Zimbabwe anaiyesa ndulu ya ng'ona, napeza kuti siiri poizoni wakupha monga anthu amanenera.

Boma la Mozambique linatumiza mowa wotsala ndi ufa kukayesedwa kunja, mpaka ku America, ndipo yankho linalengezedwa mu Novembala caka comweco. Munalibe ndulu, munalibe mankhwala a munthu. Ufa wa cimanga umene anafululira unali utanyowa ndi madzi osefukira, nuyamba kubvunda. M'menemo munaswana kacirombo kochedwa Burkholderia gladioli, kamene kamaturutsa poizoni wochedwa bongkrekic acid. Poizoni ameneyu alibe pfungo, samveka pa lilime, ndipo safa ngakhale mbiya iwire tsiku lonse. Amaononga ciwindi, impso ndi ubongo, ndipo alibe mankhwala omuthetsa. Mai uja sanafune kupha munthu. Anangokhulupirira zimene ambiri amakhulupirira, kuti ufa wokanika nsima uyenera mowa.

Mwezi womwewo wa Januwale 2015 madzi anasefukiranso m'dziko muno, ndipo Mangochi inali imodzi mwa maboma amene anabvutika. Mu 2024 nyanja inakwera, nilowa m'nyumba ndi m'minda ya m'mphepete. Anthu a kuno adziwa bwino thumba la ufa lonyowa m'nyumba yogumuka, ndipo adziwa kuwawa kwa kutaya cakudya pa nthawi ya njala. Koma ufa wotere suyenera nsima, suyenera thobwa, suyeneranso mowa. Ukwiriridwe m'dzenje.

Palinso poizoni wina amene sapha tsiku limodzi. Ameneyu amacokera ku cuku, nkhungu ija yobiriwira kapena yakuda imene imagwira cimanga ndi mtedza, ndipo amachedwa aflatoxin. Mu 2011 akatswiri a ku Chitedze, motsogozedwa ndi a Limbikani Matumba, anafalitsa zimene anapeza atayesa mapira, cimera ca mapira, thobwa ndi mowa wamasese ku cigawo ca kumwera. Anapeza kuti cimera cinali ndi aflatoxin wocuruka kuposa mapira osabviika, ndi kuti poizoniyo amafika ndithu m'cikho ca womwa. Cifukwa cake n'cosabvuta kumva: masiku amene mbeu iri yonyowa, yobvundikiridwa, yofunda, ndiwo masiku amene cuku cimakondwa. Aflatoxin amadya ciwindi pang'onopang'ono kwa zaka, ndipo angadzetse khansa ya ciwindi. Munthu wamkuru womwa mowa anadzisankhira yekha. Koma thobwa amamwa ndi ana omwe, ngakhale a pamsana.

Cotero nchito yaikuru ya wofulula iri pa licero, mbiya isanakhale pa mafuwa. Asankhe mbeu asanabviike, nataye zofumbwa, zakuda ndi zobvunda. Abviike m'madzi oyera a pa mjigo. Mbeu zikamamera azitembenuza kuti zisapsererane, ndipo zikangomera aziyanike msanga pa mphasa kapena pa thandala, osati pa dothi, mopyapyala, kufikira zitauma gwa. Cimera ca m'nyengo ya mvula ndico cobvuta koposa, pakuti dzuwa silikhalitsa. Wanzeru amakonza cake m'cilimwe nacisunga pouma. Wogula cimera pa msika acinunkhize, aciyang'ane. Cikakhala ndi pfungo la nkhungu kapena combatana, acisiye ngakhale mtengo wake utsike.

Za ziwiya mau ndi ocepa. Ambiri anasiya mbiya nayamba migolo yacitsulo ndi yapulasitiki, pakuti imalowa zambiri. Mgolo umene munali mankhwala a thonje, mafuta a galimoto kapena penti usagwire mowa, ngakhale utsukidwe kangati. Khuntho, zipanda ndi makapu zitsukidwe ndi madzi otentha ndi kuyanikidwa pa dzuwa. Thobwa likaphikidwa lisasungunulidwe ndi madzi a m'nyanja osawiritsa. Boma lino linataya anthu ambiri ndi kolera mu 2022 ndi 2023, ndipo matendawo amayenda m'madzi otere.

Mau otsiriza apite kwa mafumu. Zikacitika kuti anthu awiri kapena atatu amene anamwa m'mbiya imodzi ayamba kusanza ndi kufooka, mfumu iletse mowawo pomwepo. Onse amene anamwako apite ku cipatala ca pafupi tsiku lomwelo, ngakhale amene sanayambe kumva kanthu, pakuti ku Chitima ena anagona bwino nadwala m'mawa. Mowa wotsala usakhuthulidwe pansi, ufa ndi cimera zisatayidwe. Zisungidwe bwino ndi kuperekedwa kwa alangizi a za umoyo kuti zikayesedwe. Ndipo mfumu iteteze mai wofululayo ndi anansi ake kwa anthu okwiya kufikira a cipatala atanena cimene cinali m'mbiyamo.